Lata Limodzi Linathamangitsa Furancungo Yonse

Mpaka lero ku Furancungo kuli anthu achikulire amene akakumana nane pamsika amayamba ayang'ana kumwamba ngati akufunafuna mitambo, kenako n'kumaseka chamumtima. Adzukulu awo sadziwa chimene chikuseketsa. Ine ndimachidziwa, ndipo popeza imvi zakwanira mutu wonse, ndati nkhaniyi ndiulule ndekha ena asanaikometsere (ngakhale kunena zoona, malo oikometsera anatsala ochepa).

Zinachitika m'zaka za nkhondo. Kwathu ndi ku Tsangano, koma boma linanditumiza ku Furancungo kukaphunzitsa ana a sikola. Nthawi imeneyo pa vila, ndiko kunena patauni yathuyo, panali patadzaza anthu othawa kumidzi, ambiri mwa iwo amayi ndi ana ochokera mbali ya Chidzolomondo. Ankagona m'misasa ya udzu kuseri kwa msika, ena pakhonde la sikola yathu. M'mawa uliwonse ndisanayambe kuphunzitsa ndinkayamba ndapempha anthu kuti apinde mphasa zawo ana adutse.

Mkazi wanga Rozaliya, mayi a Lusiya, ankaphunzitsa amayiwo kuwerenga masana ana akaweruka. Kuwerengako sikunkayenda kwenikweni, poti munthu wogona ndi njala zilembo zimamuvinira m'maso. Chimene chinkayenda ndi kutengerana. Wina ankadzuka n'kuyamba kuyenda ngati mkulu wogawa chimanga, mimba patsogolo, lapisi yolembera ili kukhutu. Wina n'kusanduka nkhalamba yonamizira kugontha kuti ilandire kawiri. Tsiku lina Rozaliya anafika kunyumba n'kunena kuti, "Bambo a Lusiya, amayi aja lero aseka. Ena mwa iwo chibwerereni ndinali ndisanaone mano awo."

Ganizo la tsiku la masewero linachokera pamenepo. Rozaliya ndi mnzake Filomena, namwino wa pachipatala, anagwirizana kuti pakhale Sabudu limodzi, ndiye kuti Loweruka, la masewero a amayi okhaokha: opeka amayi, otsogolera amayi, osewera amayi. Anatumiza uthenga kwa mlongo wanga Marita ku Tsangano, amene anali ndi kagulu kake ka amayi a kutchalitchi, ndipo yankho linabwera loti afika.

Tsono ine. Muyenera kudziwa kuti ndili mnyamata ku mishoni ndinasewerapo sewero la Khirisimasi. Ndinali m'busa wachiwiri, ndipo mawu anga onse anali akuti "Tiyeni tikaone." (Ndinawanena bwino kwambiri, mpaka wansembe anandigwira paphewa.) Kuyambira tsiku limenelo ndinkadziwerengera m'gulu la odziwa za teyatiro, ndiko kunena zisudzo.

"Mayi a Lusiya," ndinatero tsiku lina tikudya, "m'masewero anuwo mukhala amuna. Mwamuna zimakoma akaseweredwa ndi mwamuna. Ine ndilipo."

"Zikomo," anayankha. "Mutibwereke buluku lanu la Dumingu, lopitira kutchalitchi lija."

"Ine ndikunena za ineyo."

"Ndamva. Ife tikufuna buluku."

Buluku linapita. Analivala mayi wina wamfupi amene analipinda katatu kumapazi. Ankasewera mwamuna woledzera, ndipo kayendedwe kake kankafanana ndi kanga, zimene mpaka lero ndimati zinangochitika mwangozi.

Sewero lalikulu, loti lidzatsekere tsikulo, linali la Anaphiri. Anaphiri anali mayi wa ku Chidzolomondo, wamtali, wosalankhulalankhula. Kulemba sankadziwa. Sewerolo analipeka m'mutu, iwo n'kumanena, Rozaliya n'kumalemba m'kadernu, buku lolembamo ana a sikola. Nkhani yake inali ya mayi amene pothawa kumudzi anasiyana ndi mwana wake wamkazi pamtsinje, wina kuwoloka, wina kutsala. Mayiyo afika kuchilendo ali ndi chimanga chodzaza dzanja chomanga pansonga ya kapulana, ndiko kunena chitenje chake, ndipo njala ivute bwanji, sachidya. Kumapeto mvula igwa, iye agwada n'kuyamba kubzala, ndipo podzutsa mutu aona mwana wake ataima patsogolo pake.

Aliyense ankadziwa kuti nkhaniyo inali ya Anaphiri eniake, kupatula mapetowo. Mwana wawo Jasinta anali asanaoneke chisiyanirane pamtsinje paja. Wosewera mayi wa m'seweromo anali iwo omwe, mwana n'kukhala Filomena namwino.

Ine ndinapempha kuona kadernuyo kuti ndikonzemo pang'ono. Nditawerenga ndinauza Anaphiri kuti poyambira pakufunika mawu olonjera akuluakulu m'Chipwitikizi, ndiponso kuti mayiyo akamagwada anene mawu olimbikitsa mtundu wonse. Ndinali nditawalemba kale mawuwo, tsamba lathunthu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ine pobzala sindilankhula, aphunzitsi," anatero. "Ndimakhala ndikuyang'ana phando."

Tsamba langa ndinalipinda n'kulibwezera m'thumba.

Kenako Rozaliya, pondimvera chisoni (kapena pofuna kuti ndisiye kuwazungulira), anandipatsa ntchito. Amayi anali atasoka makapulana pamodzi n'kuwapachika pawaya pakhonde la sikola. Ine ndinayenera kukhala kuseri kwa nsaluyo ndi lichero la nyemba. Anaphiri akayang'ana kumwamba, ndipendeketse licherolo kuti nyemba zizigubuduzika, zizimveka ngati mvula ikuyamba.

"Basi zomwezo?" ndinafunsa.

"Zomwezo. Pang'onopang'ono, bambo a Lusiya. Mvula yobzalira."

Amayi a ku Tsangano anafika Lachinayi, asanu ndi mmodzi, atachedwa masiku awiri. Anabwera atakhala pamwamba pa matumba a mbatatesi m'kamyawu, lole ya mu koluna, ndiko kunena mndandanda wa magalimoto oyenda moperekezedwa ndi asilikali. Masiku amenewo munthu asanakwere koluna ankatsanzika abale ake ngati sadzabwerera. Iwo anakwera chifukwa cha sewero. Anatsika ali mbuu ndi fumbi, n'kutsitsa thumba limodzi la mbatatesi loti osewera onse adye. Marita atamva kuti nanenso ndili ndi mbali, anatembenukira kwa Rozaliya.

"Alamu, achimwenewa mwawapatsa ntchito?"

"Ya nyemba chabe."

"Muziwayang'anirabe," anatero Marita. Ine ndinali nditaima pomwepo, koma ankalankhula ngati ndapita kumunda.

Pa ensayu, ndiko kuyeserera komaliza, ndinachita bwino, ndipo Anaphiri anagwedeza mutu. Koma mumtima sindinakhutire. Munthu wophunzira ngati ine, n'kumapukusa nyemba? Komanso ndi mvula yanji yoyamba yopanda bingu? Kwathu ku Tsangano mvula yobzalira imabwera ndi mabingu ogwedeza mapiri. Ndinaona kuti amayiwa, ndi luso lawo lonselo, aiwala chinthu chofunika, ndipo ndi bwino ndiwathandize mwakachetechete kuti adzadabwe patsikulo. (Inde, mwakachetechete. Ndi mawu amene ndinadziuza.)

Kuseri kwa sikola kunali lata limodzi limene mphepo inasasula padenga la chimbudzi. Lachisanu ndinalitengera kumunda kopanda anthu n'kuliyesa pang'ono. Ukaligwira m'mbali n'kuligwedeza linkalira gudududu. Ukalimenya ndi mpini linkati phuu. Ndinakondwa ngati ndatulukira mankhwala. Sabudu m'mawa ndinalilowetsa kuseri kwa nsalu n'kuliphimba ndi mphasa.

Chimene sichinandifike m'mutu, ine mphunzitsi wa ana a anthu, n'chakuti inali nyengo ya chilimwe, kumwamba kuli mbee, ndipo anthu oti amve phokosolo anali atamvapo kale phokoso lotero kumidzi kwawo. Kumeneko silinali bingu.

Masewero anayamba masana, chifukwa nthawi imeneyo aliyense ankayenera kukhala ali pakhomo pake dzuwa lisanalowe. Anthu anadzaza bwalo la sikola. Akuluakulu a boma anakhala pamipando kutsogolo, ena onse pamabanku ndi pansi, asilikali angapo ataima m'mbali mfuti zili paphewa. Amayi a ku Tsangano anachita sewero la apongozi awiri olimbirana ng'ombe imodzi. Ng'ombeyo inali amayi awiri ofunda gombeza, ndipo wakumbuyoyo sankagwirizana ndi wakutsogolo za kolowera. Anthu anaseka mpaka ena kugona chagada. Buluku langa linalowa, linaledzera, linagwa, anthu n'kumatembenukira kwa ine. Ndinamwetulira ngati munthu amene akudziwa kuti nthawi yake ikubwera.

Itakwana nthawi ya Anaphiri ndinalowa kuseri kwa nsalu. Bwalo linati zii. Ndinkasuzumira pakabowo, ndipo ndinaona amayi m'gulumo akudziphimba kukamwa ndi kapulana pamene mayi wa m'sewero ankaitana mwana wake kutsidya la mtsinje. Ndinaona sarijentu, mkulu wa asilikali aja, akuyang'ana nsapato zake. Filomena anali pafupi nane kuseriko, atavala nsanza, akudikira nthawi yake yolowera.

Anaphiri anayang'ana kumwamba. Ndinapendeketsa lichero, nyemba zinayamba waaa, ndipo ndinamva gulu lonse likupuma pamodzi. Panali pabwino pamenepo. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo.

Ndinaika lichero pansi n'kuvundukula mphasa. Filomena anandiyang'ana, anayasama kuti alankhule, koma ndinali nditaligwedeza kale. Gudududu. Kenako mpini: phuu, phuu, phuu, katatu motsatizana, kuti zikome.

Kunja kunakhala chete kanthawi kochepa, ine n'kumati anthu agoma. Kenako ndinamva mawu a mayi mmodzi akuti, "Afika." Sanakuwe n'komwe. Mabanku anayamba kugwa. Msilikali wina, posadziwa kumene zachokera, anawombera m'mwamba kamodzi.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse. Ine ndinamva mfuti yeniyeni. Ndinamva anthu akuti afika. Zimenezi sindinazilumikize ndi lata langa ngakhale pang'ono. Ndinangoti tsoka ilo, a kutchire omenyana ndi boma aja asankha nthawi yomweyi ya bingu langa. Filomena anali atagona kale chafufumimba. Ine ndinanyamula lata lija n'kulisenza pamutu (ndinkaganiza kuti litchinga zipolopolo, lata la chimbudzi), n'kuliyatsa liwiro kulowera kudambo kumene anthu onse ankathawira.

Tsono lata ukamathamanga nalo pamutu silikhala chete. Phazi lililonse, gudu. Gudu, gudu, gudu. Anthu a kutsogolo kwanga ankamva nkhondo ikuwatsatira m'mbuyo, n'kumawonjezera liwiro. Ine poona iwo akuwonjezera ndinkati aona chimene ine sindikuchiona, nanenso n'kuwonjezera. Ena anakhotera kumanzere kuti apulumuke, ine n'kuwatsatira poganiza kuti akudziwa njira. Mkulu wina wa ku boma, munthu wonenepa amene ndinali ndisanamuonepo akufulumira, ankalumpha mizere ngati mnyamata, nsapato imodzi ili m'manja. Ndinamuitana kuti andidikire. Anacheuka, anaona chinthu chonyezimira chikubwera chikugunda, ndipo sindinamuonenso.

Chinandiimitsa ndi ngalande ya m'dimba la mpiru. Ndinagweramo chamutu, lata n'kundigwera pamwamba ndi phokoso lomaliza, lalikulu kuposa onse. Kenako bata. Nkhondo yonse inathera pomwepo.

Ndinakhala pansi pa latalo ndikupemphera, matope ali m'kamwa. Patapita nthawi ndinamva mapazi, ndipo wina analitukula ndi nsonga ya mfuti. Anali sarijentu uja. Anandiyang'ana ine, anayang'ana lata. Analikankha pang'ono ndi phazi. Gudu.

"Kamarada purofesolo," anatero, kutanthauza mnzathu mphunzitsi, ndi ulemu woopsa, "ichi n'chiyani?"

"Bingu," ndinayankha. Nditangolitchula, zonse zinandilowa m'mutu nthawi imodzi.

"Bingu." Anayang'ana kumwamba kumene kunalibe ngakhale kamtambo. Anayang'ana nthawi yaitali. "Dzukani. Mulinyamule. Muyende patsogolo panga, ndipo aliyense amene tikumane naye mumuuze nokha."

Ulendo wobwererawo suseketsa. Anthu ankatuluka m'mabango ndi m'mizere mmodzimmodzi. Ine ndinkaima n'kunena kuti, "Pepani, ndinali ine. Linali lata." Ena ananditukwana, ndipo sindinawadandaule. Ena anaseka mpaka kukhala pansi. Koma ndinaona mayi wina atakumbatira mtengo akunjenjemera, akulephera kuusiya, mnzake akumumasula chala chimodzichimodzi. Ndinaonanso ana a m'kalasi mwanga atagona m'udzu osalira, wamkulu atatseka pakamwa pa wamng'ono ndi dzanja. Zimenezo sanaziphunzire kwa ine. Pamenepo manyazi anandichokera, m'malo mwake munalowa china cholemera kuposa manyazi.

Titafika pabwalo tinapeza mabanku ali chagada, nsapato ndi mipango zili mbwee. Rozaliya anali ataima pakati pa bwalo, Lusiya ali kumsana. Anangoloza ndi mutu kukhonde.

Anaphiri anali pomwe ndinawasiya, atagwada, khasu lili pambali, chimanga chili m'dzanja.

Ndinaika lata pansi (linalirabe) n'kukagwada patsogolo pawo. "Mayi, ndalakwa. Inu simunathawe?"

"Mfuti ndimaidziwa, aphunzitsi. Loyambalo linali lata." Anayang'ana chimanga cha m'dzanja mwawo. "Yachiwiriyo inali mfuti, koma ndinati ndidikire. Mwana wanga anali atatsala pang'ono kulowa."

Ndinasowa poyang'ana. Munali m'sewero lokhali mmene Jasinta ankabwerera kwa mayi ake, ndipo ine ndinamubweza ali pakhomo.

Ndinkaganiza kuti tsikulo lathera pomwepo. Akuluakulu a boma amene anali atabwerako anali atanena kale kuti anthu azipita. Koma Marita ndi amayi anzake a ku Tsangano, matope ali m'mawondo, anati iwo sanakwerere koluna kudzaona sewero lopanda mapeto. Anayamba nyimbo ya kumunda yodziwika ndi aliyense, akuwomba m'manja chapansipansi, ndipo anthu amene anali atayamba kulowera kumisasa anatembenuka. Sanabwerere onse. Amene anabwerera anadzutsa mabanku okha, aliyense n'kumafunafuna nsapato yake. Sarijentu anakokera lata pambali n'kulikhalira.

Rozaliya anabwera kwa ine ndi lichero. Nyemba zambiri zinali zitamwazika, ndipo iye ndi Filomena anali atazitola imodziimodzi.

"Mayi a Lusiya, mupatse wina," ndinatero. "Ine sindiyenera."

"Si ine ndanena. Anena ndi Anaphiri. Akuti mvula yanu inali yabwino."

Ndinabwerera kuseri kwa nsalu manja akunjenjemera, zimene zinathandiza, chifukwa nyemba zinkayenda zokha. Anaphiri anayang'ana kumwamba, mvula inagwa, anakumba phando, anaponya mbewu. Filomena analowa, tsaya lili ndi fumbi la pamene anagona paja, n'kuima. Iye anali ndi liwu limodzi lokha loti anene.

"Amayi."

Anaphiri anadzutsa mutu. Pa ensayu ankangoimirira n'kumugwira dzanja, koma tsiku limenelo anamukumbatira n'kukhala choncho nthawi yaitali akumusisita kumutu, Filomena n'kungowalola. Palibe anawomba m'manja mpaka iwo atamusiya. Ine ndinapitiriza kugwetsa mvula, poti palibe anandiuza kuti ndileke, ndiponso pakabowo sindinkaonanso bwino.

Pobwerera kunyumba ndinayenda kumbuyo kwa Rozaliya ndi Marita ngati mlendo. Titayandikira pakhomo Marita anangoti, "Alamu, ndinanena." Onse awiri anayamba kuseka, anaseka mpaka Lusiya anadzuka, kenako ndinaona kuti Rozaliya kusekako kwasanduka kulira. Ndinakatunga madzi.

Lolemba ndinakhomera lata padenga la chimbudzi ndekha, sikola yonse ikuonerera. Mwezi wathunthu ndinkayenda m'misasa kupepesa, ndipo mayi wa pamtengo uja anandikhululukira ulendo wachitatu. Amayi a ku Tsangano anabwerera bwino ndi koluna yotsatira, nkhani yanga n'kukafika kwathu ine ndisanaitumize. Nkhondo itatha Anaphiri anabwerera ku Chidzolomondo. Za Jasinta ndinamva mawu awiri osiyana. Wina anati anapezeka ku Malawi ali ndi ana ake, wina anati ayi. Sindinalimbe mtima kukafunsa.

Masewero a amayi aja anapitirira zaka zingapo, ndipo ngakhale lero Rozaliya, ndi ndodo yake, amatsogolerabe amayi a kutchalitchi akafuna kuchita sewero. Ine ndimathandiza ndithu. Ndimanyamula mipando, ndimasesa bwalo, ndimaitana anthu. Ndinaphunzira kuti kuthandiza pantchito ya eni ake ndi kuchita chimene akupempha n'kulekera pomwepo, ndipo ndimauza aliyense zimenezi, makamaka amuna.

Komabe chaka chatha, akukonza sewero lina la ukwati, ndinanong'oneza Rozaliya kuti pamene mkwatibwi akulowa pangakome patalira belu, ndipo ndikudziwa pamene pali chitsulo cha khasu lakale cholira bwino. Tsiku la sewerolo anandigwira dzanja n'kukandikhazika pampando wa kutsogolo, pakati pa amayi awiri amphamvu, n'kuwauza kuti ndikangodzuka andigwire malaya.